Chuma cha Malemu Osawadziwa

Zikomo mayi athu a ku Dedza chifukwa cha kalata yanu. Mwati munthu wodzitcha mkulu wa banki ya kunja wakulemberani kuti malemu ena a mfunda wanu anasiya chuma chimene chagona zaka zambiri popanda wochitenga, ndi kuti mukayamba mwatumiza kandalama ka msonkho pamodzi ndi nambala ya akaunti yanu, chonsecho chidzakhala chanu. Mayi, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chinyengo chimenechi amachitcha 419, potsata ndime ya malamulo a ku Nigeria. Mukalipira lero, mawa adzatulukira ndi msonkho wina, kufikira nkhokwe yanu itatheratu. Chuma cha masiye chimatsata wilo kapena bwalo la milandu, sichidzera pa lamya. Musatumize kanthu, kaneneni kupolisi.