PHUNZIRO 17: KUSULA MPENI WOKHOTA

Mayi akamaomola nsima, ndi anthu ochepa amene amaganizira za chida chimene chidakumba m'kati mwa chipande chawo. Nkhwangwa imagwetsa mtengo. Kasemasema kamasema kunja. Koma mpeni wowongoka, ngakhale utathwa chotani, sungathe kukomba m'kati mwa chipande kapena mwa mbale yamtengo. Nsonga yake imangobaya, ndipo kwinako kumakakamira m'mphepete. Ntchito imeneyi ndi ya mpeni wokhota, umene chitsulo chake chimapindidwa ngati kachikwakwa.

Mipeni yotere si ya kuno kokha. M'tauni ya Mora, m'dziko la Sweden, amapanga mipeni yokhota yosemera masipuni amtengo. Anthu a mtundu wa Cree a ku Canada nawonso ankasemera nthiti za mabwato awo mpeni wokhota. Kuno kwathu mipeniyi sipezeka kawirikawiri m'masitolo, choncho osema ambiri amakaipangitsa kwa osula.

Kusula ndi luso lakalekale m'dziko muno. Akatswiri ofukula zinthu zakale adapeza kuti anthu amene ankakhala ku Nkope, m'boma la Mangochi, ankagwiritsa ntchito chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. M'nkhalango yosungira nyama ya Kasungu mukadali zotsalira za ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo miyala ya chitsulo. Osula a masiku ano sasungunulanso miyala. Iwo amatola zitsulo zakale ndi kuzipatsa ntchito yatsopano.

Kumunsi kwa mapiri a Dedza kuli anthu ambiri osema. Kumeneko ndiye kuli Mua, kumene Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zaluso otchedwa Kungoni m'chaka cha 1976. M'mudzi wina wa m'dera lomwelo mudali munthu wosula. Chipala chake chidali kachisakasa kofolera ndi udzu, kopanda makoma. Zida zake zidali zowerengeka: nyundo ziwiri, mbaniro, matupa atatu, mvukuto wa chikopa cha mbuzi, ndi chitsulo chochindikala chokhomedwa pa chitsa chimene ankasulirapo. Pa nthawi ya tchuthi mphwake, mnyamata wa zaka 12, ankabwera kudzavukuta moto.

Tsiku lina Lachitatu kudafika munthu wosema atanyamula mpeni wothyoka.

"Odi kuno!"

"Odini, bambo. Fikani."

Atapatsana moni, wosemayo adafotokoza vuto lake. "Mayi wina wa pa msika adaitanitsa zipande 30 kuti adzatenge Lolemba. Ndalama adandipatsiratu, ndipo ndidagulira kale feteleza. Kunja ndasema zonse, kwatsala m'kati. Tsono mpeni wandithyokera dzulo. Ndikalephera kumaliza, ndidzabweza chiyani?"

"Bwanji osabwereka wa anzanu?" adafunsa mnyamata uja.

Atsibweni ake adaseka. "Taona mpeniwo, mphwanga. Bambowa ndi amanzere. Mpeni wokhota umathwa mbali imodzi yokha. Wa munthu wamanja sungamuthandize munthu wamanzere, chifukwa akaugwira, kukamwa kwake kumayang'ana kwina." Kenaka adauza mlendoyo kuti abwere mawa dzuwa likamalowa.

Wosulayo adafufuza pa mulu wa zitsulo zake natulutsa kachidutswa ka sipuling'i ya galimoto. Kadali komaliza. Misomali ndi mawaya zidalipo zambiri, koma iye sadazikhudze n'komwe. Chitsulo cha msomali chili ndi kaboni wochepa kwambiri, motero sichilimba ngakhale mutachiwotcha chotani. Mpeni wa chitsulo chotero umabuntha usadamalize ngakhale chipande chimodzi. Sipuling'i kapena tupa lakutha zili ndi kaboni wokwanira, ndipo n'chifukwa chake osula amazisunga ngati ndalama.

Mnyamata adayamba kuvukuta mpaka makala adayaka kuti psuu. Chitsulo chitafiira, atsibweni ake adachidula pawiri. Chidutswa chilichonse adachisula mpaka chidatalika masentimita 15 ndi kupyapyala. Theka lina adaliphwatalitsa kuti likhale mpeni, theka linalo adalisongola kuti likhale mchira wolowa m'chigumbu. Pomaliza adawotchanso zidutswa zonse ziwiri nazikwirira m'phulusa lotentha.

"Zigone momwemo," adatero. "Chitsulo chikazizira pang'onopang'ono chimafewa, ndipo tupa limachidya bwino."

M'mawa mwake adafukula chidutswa chimodzi nayamba kuchipala ndi tupa chikadali chowongoka. Apa m'pamene ophunzira kusula ambiri amalakwitsa. Iwo amathamangira kupinda mpeni, kenaka n'kupeza kuti tupa silikuyendanso bwino pa chitsulo chokhota. Wodziwa ntchito amayamba wapala, kupinda pambuyo. Amapala mbali imodzi yokha, imene idzakhale kunja kwa kukhotako, ndipo mbali ya m'kati amaisiya yosalala. Wosulayo sadapale mpaka kuthwetsa. Adasiya kukamwa kwa mpeniwo kuli kochindikala ngati chikhadabo, pakuti kukamwa kopyapyala kwambiri kumapsa kapena kung'aluka pa moto.

Kupinda sikudatenge nthawi. Adawotcha chitsulocho, nachigoneka pa paipi, ndi kuchimenya pang'onopang'ono ndi nyundo yamtengo kuti asaphwanye pamene adapala paja. Asadamenye adayamba waugwira mpeniwo m'malere ku dzanja lamanzere, kuti aone bwino mbali yoyenera kupindira.

Tsopano idakwana nthawi yolimbitsa mpeni. Wosulayo adatsekera dzuwa ndi mphasa, chifukwa mtundu wa chitsulo chamoto umaoneka bwino mu mthunzi. Adatenga maginito amene adachotsa mu wailesi yakutha, nawamangirira ku waya. Mpeniwo utayamba kufiira adaugunditsa maginitowo, ndipo adamata. Adaubwezera pa moto. Ataugunditsanso kachitatu, maginito sadamate ayi.

"Atsibweni, kodi maginito afa?"

"Sadafe. Chitsulo chikatentha kwambiri chimaleka kukokedwa ndi maginito. Umenewu ndiwo uthenga wakuti chatsala pang'ono kufika."

Asayansi adayeza napeza kuti zimenezi zimachitika pa madigiri 770. Wosula wa kumudzi alibe chida choyezera kutentha kotere, koma maginito ndi maso ake zimamuuza zomwezo. Adawonjezera moto pang'ono, kenaka mwachangu adaviika mpeniwo m'chitini cha oyilo. Kudamveka kuti tswee, ndipo utsi udadzaza chisakasa chonse. Makasu ndi nkhwangwa ena amaviika m'madzi, koma madzi amaziziritsa mofulumira kwambiri, ndipo chitsulo chopyapyala chimatha kung'aluka. Mpeniwo utazizira adauyesa ndi tupa. Tupa lidangoterera osadya kanthu.

Nthawi yomweyo kudabwera mwana kudzaitana wosulayo kuti kunyumba kwafika alendo.

"Usaukhudze mpeniwu, mphwanga. Sudathe."

Koma kwa mnyamatayo mpeniwo unkaoneka wakutha. Kukhota udali utakhota, kulimba udali utalimba. Mtima udamudyera kuti aone m'mene ungadyere mtengo. Adaugwira kumchira, naulowetsa pa mng'alu wa chikuni, n'kukanula pang'ono. Mpeni udangoti thyo! ngati galasi, nsonga yake n'kugwera m'phulusa.

Mnyamatayo adaima kakasi. Adaganiza zothawira kudambo. Adaganizanso zokwirira zidutswazo ndi kunena kuti mbuzi ndiyo yagwetsa. Kenaka adakumbukira munthu wosema uja ndi feteleza wake, ndipo adakhala pansi zidutswazo zili m'manja mpaka atsibweni ake adabwera.

"Atsibweni, ndathyola ndine. Pepani."

Wosulayo adakhala chete kanthawi. Adayang'ana dzuwa, limene lidali litafika kale paliwombo, nayang'ananso m'phulusa mmene mudatsala chidutswa chimodzi chokha.

"Ndidati sudathe," adatero motsitsa mawu. "Chitsulo chikangochoka mu oyilo chimalimba mopitirira muyeso. Chimakhala ngati phale la mbiya: kulimba kulipo, koma sichidziwa kupindika. Chimafunika kuchibwezera pa moto wochepa kuti ukali wake utsike. Tenga tupa. Lero nsima tidya usiku."

Adagwira ntchito osapuma. Mnyamata adapala chidutswa chachiwiri mpaka m'manja mwake mudatuluka matuza, atsibweni ake akuwongola pamene iye wapotoza. Adapinda, adawotcha, adayesa ndi maginito, naviika mu oyilo monga poyamba paja. Tupa lidatereranso.

Wosulayo adakhula mpeniwo ndi mwala mpaka mwaye wonse udachoka ndipo chitsulo chidayera kuti mbee. Adawotcha chitsulo china chochindikala nachiika pambali pa moto. Pamwamba pake adagoneka msana wa mpeni, kukamwa kutaloza kumwamba, kuti kutentha kukwere pang'onopang'ono kuchokera kumsana.

"Maso anga adayamba kuchita chidima," adatero. "Uyang'ane ndiwe. Chitsulo choyerachi chiyamba kusintha mtundu. Poyamba chioneka ngati udzu wouma, kenaka chikhala chakhofi, pambuyo pake chabuluu. Mtundu wa udzu wouma ukangofika kukamwa, unene msanga. Tikachedwa mpaka kukamwa kutachita buluu, mpeni ufewa, ndipo chitsulo china tilibe."

Mitundu imeneyi ndiyo muyeso wa kutentha. Mtundu wa udzu wouma umaoneka pa madigiri pafupifupi 230, pamene wabuluu umaoneka pa madigiri pafupifupi 300. Pa chitsulo chopyapyala mitunduyi imathamanga, ndipo munthu akangocheuka amapeza yadutsa kale.

Mnyamata adagwada nayang'anitsitsa osaphethira. Kwa kanthawi sipadaoneke kanthu. Kenaka kumsana kudayamba kuoneka kamtundu kachikasu kotuwa, kakukwera ngati mthunzi wa madzulo. Kumsana kudasanduka kwakhofi. Chikasu chija chidayandikira kukamwa.

"Wafika, atsibweni! Wafika!"

Wosulayo adautsomphola ndi mbaniro nauponya mu oyilo. Utazizira adaukanula pang'ono pa mng'alu wa chikuni chomwe chija. Mpeni udapindika pang'ono n'kubwerera m'malo mwake.

Zotsalazo zidali zopepuka. Adasema chigumbu cha mtengo wa mlombwa, nachiboola ndi waya wamoto. Kukamwa kwa chigumbucho adavekako kamphete kodulidwa ku paipi kuti chisang'aluke, ndipo adakhomeramo mchira wa mpeni. Kunja adanola pa mwala wonyowa. M'kati, mmene mwala sungalowe, adapalamo ndi sandipepa wokulungidwa pa kamtengo. Pomaliza adaupukuta pa lamba wakale wachikopa.

Dzuwa likulowa wosema uja adafika atanyamula chipande chimodzi chosakomba. Adalandira mpeniwo ndi manja awiri, naugwira ku dzanja lamanzere, ndi kuukokera modutsa mitsempha ya mtengo. Tizidutswa topyapyala tidatuluka tikupiringizika n'kumagwera pa mapazi ake. Adakomba kachiwiri, kachitatu, kenaka adayesa kukamwa kwa mpeni ndi chala.

"Uwu ndiye mpeni," adatero. "Pofika Loweruka ndikhala nditamaliza."

Mlendo atachoka, wosulayo adatola chidutswa chachikulu cha mpeni wothyoka uja napatsa mphwake.

"Usataye ichi. Chikwirire m'phulusa. Mawa usule wekha kampeni kosendera mbatata ka amayi ako."

MAWU OFUNIKA KUWADZIWA

chipala: malo amene wosula amagwirirapo ntchito yake
mvukuto: thumba lachikopa lopemerera moto
mbaniro: chida chogwirira chitsulo chamoto
tupa: chida chopalira chitsulo
chigumbu: chogwirira cha mpeni
ng'anjo: malo osungunuliramo miyala ya chitsulo

MAFUNSO

1. N'chifukwa chiyani mpeni wowongoka sungathe kukomba m'kati mwa chipande?
2. Chidaletsa wosema uja kubwereka mpeni wa anzake n'chiyani?
3. Fotokozani chifukwa chake wosula adasankha sipuling'i osati msomali.
4. Kodi maginito amamuthandiza bwanji wosula?
5. N'chifukwa chiyani mpeni woyamba udathyoka pamene wachiwiri sudathyoke?
6. Mnyamata uja adaganiza zinthu ziwiri asadakhale pansi. Zitchuleni. Mukadakhala inu mukadatani?

NTCHITO

(a) Pangani ziganizo zanuzanu ndi mawu awa: kuima kakasi, paliwombo, kubuntha, kutsomphola.
(b) Pezani mu nkhaniyi mawu atatu osonyeza kamvekedwe kapena kaonekedwe ka chinthu, monga "thyo".
(c) Ngati kwanu kuli wosula kapena wosema, mukamuchezere pamodzi ndi munthu wamkulu. Mukafunse mayina a zida zake, ndipo mukalembe ndime imodzi yofotokoza ntchito ya chida chimodzi.