KUKHALA NAYE KUFIKIRA KUTACA
Phunziro la athandizi a munthu wofuna kudzipha

Muyambe mwawerenga Macitidwe 16:25-34.

Loweruka lotsiriza la mwezi wa Ogasiti mafumu a Acewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi ndi kumfotokozera za umoyo wa anthu ao. Patapita masabata ngati awiri, pa 10 Seputembala, pali tsiku lina lopanda ng'oma, limene linaikidwa m'caka ca 2003 kuti maiko onse akumbukire kuletsa imfa za kudzipha. Mfumu ikhoza kunena za njala ndi nthenda za m'dziko lace, pakuti izo zioneka ndi maso. Koma bvuto la munthu wotopa nao moyo lidziwika kwa iwo okha akukhala naye pafupi. Cifukwa cace phunziro ili talembera inu akulu a mpingo, atumiki, amai a Cigwirizano ndi aphunzitsi a m'midzi ya Katete, Sinda ndi Vubwi.

1. Ora la ngozi limapita

Bungwe la World Health Organization liwerenga kuti anthu oposa 700,000 amadzipha caka ndi caka pa dziko lonse, ndipo mwa asanu ali onse mmodzi amafa ndi mankhwala a kumunda. Nkhani iyi itikhudza ife alimi, popeza mankhwala opopera thonje ndi osungira cimanga ali m'nyumba zathu zambiri, pafupi ndi dzanja la munthu wosweka mtima.

Tsono cinthu cacikuru coti mthandizi adziwe ndi ici: maganizo a kudzipha akafika pacimace sakhala nthawi yaitali. Adza ngati madzi osefuka m'dambo, naphwanso. Ambiri a iwo amene anapulumutsidwa pa ora limenelo akhala ndi moyo zaka zambiri, osadziphanso. Ku Sri Lanka, dziko la alimi a mpunga, boma linaletsa mankhwala a kumunda oopsa koposa, ndipo pakati pa 1995 ndi 2015 imfa za kudzipha zinatsika ndi magawo 70 pa 100. Mabvuto a anthu sanathe ai, koma njira yapafupi inatsekedwa, ndipo ora loipa linawapitirira akali amoyo.

Taonani mdindo wa ndende ya ku Filipi. Pakuona makomo otseguka anayesa kuti akaidi athawa, nasolola lupanga lace. Paulo sanayambe ndi ulaliki kapena cidzudzulo. Anapfuula msanga kumletsa, namdziwitsa kuti palibe anathawa, onse alipo. Ciphunzitso cinatsata pambuyo, munthuyo atapulumuka. Momwemonso nchito yathu yoyamba si kutha mabvuto onse a mbale wathu usiku umodzi, koma kumsunga wamoyo kufikira kutaca.

2. Zizindikiro

Makolo anati cakudza siciimba ng'oma. Koma tsoka ili kawirikawiri limaimba, ife ndife osamva. Cherani khutu munthu akamati, "Ndatopa, kuli bwino ndingopita," kapena, "Mudzapumula ine nditacoka." Musanene kuti wolankhula sacita, pakuti ambiri amene anadzipha anayamba alankhula. Penyetsetsani iye wogawa njinga yace ndi mbuzi zace popanda cifukwa, wotsazika abale ngati wa paulendo, wosagona tulo, wosiya kudya ndi anzace, woonjeza kumwa kacasu. Muopenso bata lodzidzimutsa la munthu amene anali wobvutika masiku ambiri, pakuti mwina watsimikiza kale mumtima.

Ngozi ikula pamene munthu wagwa m'manyazi kapena m'kutaya kwakukuru: ngongole ya feteleza yosabwezeka, ukwati wotha, maliro, mbiri ya nthenda yocokera ku cipatala, mtsikana wa sukulu wopezeka ndi pakati, mnyamata wolephera mayeso. Iye amene anayesapo kale kudzipha ali pa ngozi yoposa onse. Ndipo amuna musawaiwale. Cifukwa ca mau aja akuti mwamuna salira, ambiri amabisa kufikira tsiku loipa.

3. Nchito zinai za mthandizi

Yoyamba, funsani. Mutengereni padera, mukhale pansi, nimufunse mosazungulira: "Atate, ndaona kuti mtima wanu walemedwa masiku ano. Kodi mulikuganiza za kudzipha?" Kwa mwana munene, "Mwana wanga, undiuze zoona, sindikukalipira." Ambiri aopa kuti kuchula mau awa kudzadzala maganizowo mwa munthu. Si momwemo ai. Madotolo apeza kuti funso lotere silionjeza ngozi, ndipo wofunsidwayo kawirikawiri amapepukidwa. Akabvomera, funsaninso ngati wakonza njira ndi nthawi, ndi ngati cinthuco ali naco pafupi. Wokonzeratu zotere ali pa ngozi ya lero lomwe.

Yaciwiri, khalani naye, nimumvere. Musamsiye yekha ngakhale kanthawi; mukafuna kuitana anthu, tumani wina. Mlekeni anene zonse, ngakhale zikhale zowawa kumva. Musatsutsane naye, musamuopseze ndi ciweruzo, musamuuze kuti ena ali ndi mabvuto oposa ace. Akafuna pemphero pempherani naye, koma pemphero lisakhale njira yotsekera pakamwa pace. Akati mulumbire kuti simudzauza munthu, musalumbire; muyankhe kuti, "Sindidzalengeza m'mudzi, koma moyo wanu sindingausenze ndekha. Tisankhe pamodzi amene timuuze."

Yacitatu, cotsani zoopsa. Mankhwala a kumunda, a makoswe, mapiritsi ocuruka, zingwe ndi mfuti zicoke m'nyumbamo, zikasungidwe kwa mnansi wokhulupirika pokhoma ndi loko. Mowa usapezeke pafupi, pakuti woledzera acita msanga cimene wosaledzera akadazengereza. Ngati munthuyo wagwira cida, musalimbane naye nokha. Lankhulani mofatsa muli capatali, wina akaitane thandizo.

Yacinai, mperekezeni. Kumuuza kuti "mupite ku cipatala" sikukwanira, pitani naye. Yambani pa kiliniki ya pafupi. A ku Katete ali ndi cipatala ca St Francis, a ku Sinda ali ndi ca mishoni ya Nyanje, ndipo nthenda ikakula odwala atumizidwa ku Chipata kapena ku Chainama ku Lusaka. Cisoni cosatha cimene cimlanda munthu tulo, njala ndi ciyembekezo ndi nthenda, ndipo iri ndi cithandizo cace monga malungo ali naco. Amene ali ndi foni akhoza kuimba kwaulere 933, kapena 116 ngati ndi mwana, nalankhula ndi alangizi a Lifeline Childline Zambia. Musaope apolisi: ciyambire lamulo la m'caka ca 1967, kuyesa kudzipha si mlandu m'Zambia.

4. Ngati wamwa kale mankhwala

Pano kucedwa ndiko kupha. Musamsanzitse, musammwetse mkaka, mafuta, madzi a mcere kapena mankhwala a zitsamba, pakuti zotere zikhoza kulowa m'mapapo ndi kumtsamwitsa. Mbvuleni zobvala zonyowa ndi mankhwalawo, mutsuke khungu ndi madzi ndi sopo, ndipo inu mukulunge manja anu. Akakomoka mgonekeni cammbali. Tengani botolo kapena pepala la mankhwalawo, kuti dotolo adziwe cimene alikulimbana naco. Nyamukani pomwepo, ngakhale iye aoneke ngati ali bwino, cifukwa mankhwala ena amayamba kuononga patapita maora. Mlandu wa pabanja udikire. Bwalo lidzakhalapo mawa.

5. Kuphunzitsa athandizi pa mpingo

M'caka ca 1953 mbusa wa Anglican dzina lace Chad Varah anayamba nchito yoyankha anthu otaya mtima mu mzinda wa London. Anthu wamba anadza kumthandiza, nchito yao kungocereza odikira pakhomo ndi kuwapatsa tiyi. Posacedwa iye anaona kuti ambiri analikubwerera kwao atapepukidwa asanaonane naye konse, popeza anapeza wowamvera. Pamenepo panabadwa bungwe la Samaritans. Cotero nchito iyi siifuna maphunziro apamwamba. Ifuna khutu, kudekha ndi kusunga cinsinsi.

Mpingo uli wonse usankhe anthu anai kapena asanu ndi mmodzi, amuna ndi akazi, pamodzi ndi wacinyamata mmodzi. Asakhale olongolola kapena okonda kuweruza. Akomane masabata atatu. Sabata loyamba aphunzire zizindikiro. Laciwiri ayeseze awiri awiri, wina akhale wobvutika, wina wofunsa, kufikira funso lija lituruka pakamwa popanda cibwibwi. Lacitatu aitane namwino wa pa kiliniki, ndipo apangane za ulendo wa usiku: njinga yamoto ya yani, ngolo ya yani, ndalama za mafuta zisungidwa ndi yani. Nyakwawa adziwitsidwe maina ao, kuti mudzi wonse udziwe khomo logogoda, angakhale munthu wa mpingo wina kapena wosapemphera.

Wodwala akabwera ku cipatala nchito siinathe, pakuti masabata oyamba ngozi ikalipo. Mcezereni kawirikawiri, mudye naye, mumperekeze kwa mwini ngongole kapena kwa ankhoswe. Pamene imfa yagwa ndithu, banja lotsala lisasalidwe, pakuti iwonso ali pa ngozi. Ndipo pamaliro pasafotokozedwe njira imene munthuyo anafera. Mthandizi nayenso asasenze yekha. Kali kokha nkanyama, tiri awiri ntianthu. Ndipo wina wakuwerenga mau ano ngati ali iye mwini m'maganizo otere, auze munthu mmodzi lero, dzuwa lisanalowe.

Mafunso okambirana

1. Paulo anayamba ndi ciani pakuona mdindo, ndipo anacedwetsa ciani?
2. M'nyumba mwanu mankhwala a kumunda asungidwa pati, ndipo kiyi ali ndi yani?
3. Munthu akamwa mankhwala pakati pa usiku m'mudzi mwanu, adzafika bwanji ku cipatala?
4. Ndani pa mpingo wanu amene wobvutika angamuuze zonse wosaopa kuzimva mawa pacitsime?