MATUZA OSAPOLA: PHUNZIRO LOCOKERA KWA ALIMI A KU BRAZIL

Alimi anzathu, tonse tidziwa matuza obwera ndi mpini wa khasu kapena moto. Amenewo apola okha. Koma alipo matuza ena otuluka popanda cowautsa, naphulika, nasiya zironda zosafuna kuuma. Nthenda imeneyi madokotala aicha pemphigus. Sigwira anthu ambiri, koma ipezeka m'maiko onse, ndipo ikalekereredwa ikhoza kupha munthu.

Ku Brazil, m'dziko la South America, mtundu wina wa nthendayi ugwira makamaka alimi okhala pafupi ndi mitsinje. Kumeneko auchula fogo selvagem, ndiko kunena moto wolusa, cifukwa khungu litentha monga lapsa. Pamudzi wa Limão Verde, wa anthu a mtundu wa Terena, anthu ngati 3 pa 100 alionse anapezeka nayo.

Kodi ciyambi cace nciani? Khungu lathu linamangidwa ndi tizigawo tating'ono tamoyo tochedwa maselo, tolumikizana monga njerwa za nyumba ndi dothi lace. M'mwazi mwathu muli asilikari a thupi amene nchito yao ndiyo kugonjetsa tizirombo ta matenda. M'caka ca 1964, Ernst Beutner ndi Robert Jordon a ku America anapeza kuti mwa odwala pemphigus asilikari ameneŵa asokera, nayamba kuononga columikiza maselo a khungu. Ali ngati garu woweta amene aleka kupitikitsa fisi, nayamba kuluma mbuzi za mbuye wace. Dothi likacoka, njerwa zilekana, madzi alowa pakati, ndipo thuza lituluka.

Akatswiri anafunsanso kuti, kodi maselo ayamba afa ndipo alekana, kapena alekana akali moyo? Mayeso ambiri aonetsa kuti kulekana kucitika maselo asanafe. Cifukwa cace mankhwala akaletsa asilikari osokerawo, khungu limera bwino. Ku Brazil apezanso kuti asilikari omenyana ndi malobvu a tinchenche tina toluma akhozanso kugwira columikiza khungu cija. Nyumba zaudongo ndi masikito a pabedi ziri zothandiza ponseponse.

Zisanafike zaka za m'ma 1950, ambiri odwala mtundu woopsa wa nthendayi anali kufa. Mankhwala a cortisone ndi prednisolone anasintha zimenezi, ndipo m'caka ca 2018 dziko la America linabvomereza mankhwala ena ochedwa rituximab.

Tsono sungani mau awa:

1. Zironda za m'kamwa zosapola kwa masabata angapo, kapena khungu losendeka mukalikhudza ndi cala, ndizo zizindikiro zofunika kupita nazo kucipatala msanga.

2. Nthendayi si yopatsirana, si khate, ndiponso si ufiti. Musampatule wodwala, idyani naye mbale imodzi.

3. Musapake phulusa, ndowe kapena mafuta a galimoto pazironda. Zitsukeni ndi madzi owiritsa atazizira, ndi kuphimba ndi nsaru yoyera.

4. Wodwala asaleke kumwa prednisolone mwadzidzidzi, ngakhale aone kuti wacira. Adokotala okha ndiwo acepetsa mankhwalawo pang'onopang'ono.

5. Mumpatse cakudya comanga thupi monga mazira, nsomba, nshawa ndi nyemba. Ngati m'kamwa mupweteka, mumphikire phala lofewa.

Agaru, akavalo ndi mbuzi nazonso nthawi zina zigwidwa ndi nthenda yofanana nayo. Mukaona nkhanambo zosatha pa ciweto canu, kauzeni mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu.