Malonje ndi Aperekezi a Nthawi m'Phunziro la Chingerezi

Tsiku lina tinapita kukaonerera mnzathu amene anali kuyeserera kuphunzitsa pa sukulu ina ya kumudzi. Tinalowa m'kalasi ya Sitandade 7 dzuwa litapendeka kale, nthawi itapitirira 1 koloko, ndipo ana onse anaimirira nati, "Good morning, sir." Madzulo ake, mdima utayamba, mnyamata wa m'kalasi yomweyo anatumidwa kunyumba kumene tinafikira. Atagwada pakhomo anatipatsa moni mwaulemu wonse, nati, "Good night, sir." Mwanayo sanadziwe kuti mawu ake anali otsazika, osati olonjera.

Kulakwa kotereku sitiyenera kukuika pa mwana. Kumachokera kwa ife aphunzitsi pamene tipatsa ana liwu la Chingerezi pamodzi ndi mnzake wa Chichewa ngati kuti awiriwo ndi mapasa. Mwana akauzidwa kuti morning ndi m'mawa, afternoon ndi masana, evening ndi madzulo, night ndi usiku, amaganiza bwino lomwe kuti popeza Good morning ndi moni wa m'mawa, Good night ayenera kukhala moni wa usiku. Nzeru zake nzolondola, koma chinenerocho sichiyenda motero.

Tiyeni tione kusiyana kwake. Malonje athu ndi mafunso. Tikati "Mwadzuka bwanji?" kapena "Mwaswera bwanji?" timadikira yankho, ndipo wofunsidwayo amabweza funsolo. Malonje a Chingerezi ndi mafuno abwino chabe, ndipo yankho lake ndi kubwereza mawu omwewo. Good morning amanenedwa kuyambira m'mamawa mpaka 12 koloko masana. Kuchokera apo timati Good afternoon kufikira cha m'ma 5 kapena 6 koloko, ndipo kenaka Good evening. Pamenepa mpamene pagona nkhani: Good evening ndiye moni ngakhale usiku utapita ndithu. Wofika pa msonkhano 9 koloko usiku amati Good evening. Good night ndi wa posiyana kapena popita kogona, monga ife timanenera kuti "Gonani bwino." Mlendo atangofika inu nkumuuza Good night, mwamusonyeza njira yobwerera.

Liwu lathu loti madzulo limasokonezanso ana, pakuti limayamba dzuwa likadali m'mwamba ndi kufika mpaka mdima, motero limadya mbali ya afternoon ndi mbali ya evening. Nchifukwa chake malonjewa tiziwaphunzitsa ndi wotchi, osati ndi kumasulira.

Aperekezi ndiwo ovuta koposa. Mwana amene anaphunzira kuti pa ndi on ndipo mu ndi in, pofuna kunena kuti "pa 7 koloko" adzalemba on 7 o'clock, ndipo "Lolemba m'mawa" adzalemba in Monday morning. Chingerezi chimafuna at pa ola lenileni: at 7 o'clock, at noon, at midnight. Chimafuna in pa chigawo cha tsiku: in the morning, in the afternoon, in the evening. Koma tikangotchula tsiku, in amachoka nalowa on: on Monday morning, on Friday evening. Usiku uli ndi khalidwe lakelake, pakuti timati at night popanda the. Ana ochenjera adzafunsa chifukwa chake, ndipo ndi bwino kuwayankha moona kuti eni chinenero anazolowera kunena chomwecho, kusiyana ndi kupeka lamulo limene lidzawasokeretsa m'tsogolo. Ena adzapeza in the night m'buku lowerenga nabwera nalo kudzatitsutsa. Tisawakalipire. Mawuwo alipo, ndipo amanena za chinthu chochitika mkati mwa usiku wina wake, monga mwana kudzuka akulira.

Palinso malo amene mperekezi safunika konse. Patsogolo pa this, last, next, every, tomorrow ndi yesterday sitiikapo kanthu: this morning, last night, tomorrow afternoon, every evening. Apa Chichewa chimatithandiza, chifukwa nafenso timati "mawa masana" popanda kuonjezera liwu. Tingatchulenso, mongodutsa, kuti mawa ndi m'mawa ndi mawu apachibale, monganso dzulo ndi madzulo, ndipo m'Chingerezi tomorrow ndi morning anachokera ku tsinde limodzi. Ana amakondwera kumva zoterezi.

Nanga m'kalasi tichite chiyani? Tisalembe malamulo onsewa pabolodi tsiku limodzi. Tidule wotchi ya katoni yokhala ndi mivi yoyenda, ndipo pambali pake tijambule dzuwa kapena mwezi. Mwana mmodzi atuluke panja nagogode, wina akhale mwini nyumba. Ife tisunthe mivi, ndipo wogogodayo alonjere molingana ndi nthawi imene waona. Akacheza pang'ono atsazike. Tiike mivi pa 8 koloko usiku kawirikawiri, kuti mwana mmodzi yemweyo anene Good evening polowa ndi Good night potuluka. Pa aperekezi, tiwafunse za moyo wao: amadzuka liti, amakatunga madzi liti, msika wa kwao umakhala tsiku lanji. Ayankhe ndi chiganizo chathunthu, kuti in the morning alowe m'khutu ngati liwu limodzi, asanayambe kulemba.

Moni wa onse pamodzi uja tiusamale, pakuti m'khamu mwana wosadziwa amangotsatira anzake. Masiku ena tiime pakhomo pamene ana akubwera kopuma, aliyense atilonjere payekha polowa. Ngati kalasi ndi yaikulu, khumi lero ndi khumi ena mawa akwanira.