Kujambula pa masewero: nkhani ili m'mphepete mwa bwalo

Achinyamata anzanga, makalabu athu ambiri kuno ku Bwanje ali ndi timu ya mpira, ndipo masiku ano sipalephera kupezeka mmodzi wokhala ndi foni ya kamera. Koma zithunzi zomwe timabwera nazo kuchokera ku bwalo zimangofanana: timitu ta anthu patali, fumbi lokhalokha, mpira osaoneka n'komwe. Mu phunziro lino tiona kuti chithunzi chokoma nthawi zambiri chimapezeka kunja kwa mzere, komwe kuli ochemerera, kochi ndi osewera odikira kulowa.

Basketball ndi mpira wamanja ndi pachibale

Masewero a basketball anawayambitsa James Naismith ku Springfield, m'dziko la America, mu 1891. Atafika ku England anasinthidwa malamulo mpaka kubadwa mpira wamanja womwe timasewera ife. Kuno ku Malawi basketball imapezeka kwambiri m'matauni ndi m'sukulu zina za sekondale, koma njira zojambulira n'zofanana, chifukwa konseku bwalo ndi laling'ono ndipo anthu amaima pafupi ndi osewera.

Mu 2018, pa mpikisano wa Commonwealth ku Gold Coast ku Australia, Malawi Queens inagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53. Taganizani mutakhala pomwepo ndi kamera. Mukanajambula manambala a zigoli, kapena nkhope za atsikana athu wezulo womaliza atalira? Manambala aliyense angamve pa wailesi. Nkhope ndiye zimafuna wojambula.

Zoyenera kuchita

1. Pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa. Fumbi ndi thukuta ndi zomwe zimachititsa chithunzi kuoneka ngati chifunga. Tchajani foni m'mawa.

2. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Kuno kuchigwa dzuwa la masana limawala kwambiri, anthu amatsinzina ndipo nkhope zimada. Nthawi yabwino ndi pamene lapendeka kulowera kumapiri.

3. Senderani ndi miyendo. Kukoka chithunzi ndi zala pa foni kumachiwononga. Gwadani kapena khalani pansi kuti mulingane ndi anthu okhala pabenchi.

4. Woponya akaima pansi pa golo, aliyense amayang'ana mpira. Inu tembenukirani kwa anthu. Onani mayi wagwira kumutu, kochi waluma chala, ana akonzeka kuthamangira m'bwalo. Jambulani kangapo motsatizana, mudzasankha pambuyo.

5. Musaike foni m'thumba pa nthawi yopuma. Mpira wamanja uli ndi zigawo zinayi za mphindi 15, choncho pali kupuma katatu. Apa mpamene kochi amalangiza, osewera amapatsirana madzi, wina akulimbitsa mtima mnzake yemwe waphonya.

6. Musauze anthu kuti "tayang'anani kuno". Akatero amauma ngati chithunzi cha pa chiphaso. Imani malo amodzi mpaka akuiwaleni. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ulemu poyamba

Apa ndiye pagona nkhani, anzanga. Munthu amene akulira timu yake itagonja sakudziwa kuti mwamujambula. Masewero akatha pitani mukamuonetse, mufunse kuti, "Kodi ndichisunge kapena ndichifufute?" Akakana, fufutani iye akuona, basi. Ngati ndi mwana, pemphani kwa kholo kapena mphunzitsi wake.

Mtsikana akagwa siketi n'kukwera, kapena wina akavulala, tsitsani foni. Chithunzi chikangolowa pa WhatsApp kapena Facebook simungachibwezenso, ndipo mnzanu akhoza kusiyiratu masewero chifukwa cha manyazi. Timu yataya wosewera chifukwa cha kuseka kwa tsiku limodzi.

Chinanso, ife a kalabu timakonda kumata zithunzi pa mapepala a uthenga wa HIV ndi Edzi. Musaike nkhope ya munthu pafupi ndi uthenga wotere musanamufotokozere bwino ndi kumva kuvomera kwake. Anthu ena akaona amayamba zongoganiza, ndipo kusalana kumayambira pomwepo.

Ntchito ya ku kalabu

Pa masewero akubwerawa sankhani anthu awiri. Mmodzi ajambule za m'bwalo, wina za kunja kokhakokha. Aliyense asankhe zithunzi zisanu n'kubwera nazo ku msonkhano, kenaka mukambirane mafunso awa:

Ndi chithunzi chiti chomwe munthu amene sanabwere angadziwire nacho timu yomwe yapambana?

Kodi onse omwe nkhope zawo zikuoneka bwino anafunsidwa?

Mukanakhala inu pa chithunzicho, mukanalola kuti amayi anu achione?