ZIKUMBUTSO ZA PA NGALANDE YA PANAMA

Pamene America wa Kumpoto akomana ndi America wa Kumwera pali mtunda wopapatiza, ndipo pamtundapo pali dziko la Panama. Anthu anakumba ngalande yaikulu yodula dzikolo pakati, kutalika kwake mamailosi pafupifupi 50, kuti sitima zapamadzi zizichoka m'nyanja ya Atlantic ndi kulowa m'nyanja ya Pacific osazungulira kutali. Ngalandeyi inatsegulidwa pa 15 Ogasiti 1914, nikhala m'manja mwa boma la United States kufikira pa 31 Disembala 1999, tsiku limene eni dziko anailandira.

M'mbali mwa ngalandeyi muli zipilala, miyala yolembedwa ndi manda. M'phunziro lino tiona zikumbutso zinayi, ndipo pa chiri chonse tidzifunse mafunso awiri. Kodi mwalawu utchula yani? Nanga amene sumtchula ndani?

1. Bwalo la Afalansa

Oyamba kukumba anali Afalansa, m'chaka cha 1881. Mtsogoleri wao anali Ferdinand de Lesseps, yemwe anali atatchuka kale chifukwa cha ngalande ya Suez ku Egypt, imene inatsegulidwa mu 1869. Koma ku Suez anakumba mumchenga, pamene ku Panama anapeza mapiri, nkhalango ndi mvula yambiri. Dothi limene anafukula linkagumukira m'mbuyo mwao. Ndalama zinatha, ndipo kampani yao inagwa mu 1889. Olemba mbiri ayerekeza kuti anthu amene anafa pa nchito ya Afalansa anali pafupifupi 22,000.

Ambiri anafa ndi malungo ndiponso ndi nthenda yotchedwa yellow fever, imene imasandutsa maso ndi khungu kukhala zachikasu. Masiku amenewo madokotala sanadziwe kuti nthenda ziwirizi zimayenda ndi udzudzu. M'chipatala cha ku Ancon, m'mene Asisteri a Vincent de Paul ankasamala odwala, miyendo ya makama ankaiika m'timbale ta madzi poletsa nyerere kukwera. Udzudzu unkaswana m'timbale tomweto, nuluma odwala ndi owasamala omwe, kotero kuti Asisteri ambiri anafera pa nchito yao.

Mumzinda wakale wa Panama City muli bwalo lotchedwa Plaza de Francia, limene linakonzedwa m'zaka za m'ma 1920. Pakati pake pali chipilala chachitali, pamwamba pake tambala, ndiye chizindikiro cha dziko la France. Pozungulira pali zifanizo za de Lesseps ndi akatswiri anzake, ndi miyala yosimba mbiri ya ngalande. Palinso mwala wolemekeza Carlos Finlay, dokotala wa ku Cuba, amene ananena mu 1881 momwemo kuti udzudzu ndiwo ufalitsa yellow fever. Anzake sanamkhulupirire kufikira 1900, pamene Walter Reed ndi gulu lake anatsimikiza mau akewo ku Havana. Bwaloli litchula maina a akuluakulu, koma okumba, amene ambiri anachokera ku chisumbu cha Jamaica, angowerengedwa m'chiwerengero.

2. Chipilala cha Goethals

Aamerika anatenga nchitoyi mu 1904. Dokotala wao William Gorgas anayamba ndi udzudzu: anaphwetsa zithaphwi, anathira mafuta pamadzi oima, anafukiza m'nyumba, naika sefa m'mazenera. Pofika 1906 yellow fever anali atatha, ndipo malungo anachepa. Kuyambira 1907 wamkulu wa nchito yonse anali George Goethals, ndipo ndiye anaitsiriza.

Chipilala chake cha mwala woyera chiri ku Balboa, patsinde pa makwerero opita ku nyumba ya ofesi ya ngalande, ndipo chinaperekedwa mu 1954. Pansi pake pali mabeseni atatu a madzi, okumbutsa malo atatu oyamba okwezera sitima: Gatun, Pedro Miguel ndi Miraflores. Pamalo otere sitima imalowa m'chipinda chachikulu cha konkire, zitseko nizitsekedwa. Madzi akadzaza chipindacho sitima imakwera nao, ndipo kutsidya imatsika mwa njira yomweyo. Goethals anaiyenera ulemu umenewu. Komabe akale anati mutu umodzi susenza denga. Tsono amene anasenza naye dengali ali kuti?

3. Manda a Corozal ndi Mount Hope

Khamu lalikulu la anchito linali la anthu akuda ochokera ku zisumbu za West Indies. A ku Barbados okha amene analembedwa nchito anali pafupifupi 20,000. Iwo ndiwo ankakumba m'phiri la Culebra, kusenza wonga wophwanyira miyala ndi kuyala njanji. Malipiro anali a mitundu iwiri. Aamerika oyera ankalandira ndalama za golide, pamene akuda ndi anchito ena ochokera kunja ankalandira za siliva, zochepa kwambiri. Mau awiriwa, golide ndi siliva, anasanduka malire pa zonse: nyumba zogona, malo odyera, masukulu, ngakhale pomwera madzi.

Mabuku a boma aonetsa kuti m'zaka za Aamerika anafa anchito 5,609 ndi matenda ndiponso ngozi. Mwa iwo Aamerika oyera anali pafupifupi 350; ochuluka koposa anali a ku West Indies.

Malire aja anawatsata kufikira kumanda. Ku Corozal, pafupi ndi Panama City, manda anagawidwa pawiri. Mbali ya Aamerika imasamalidwa ndi boma la United States, udzu wodulidwa bwino ndi miyala ya m'mizere. Mbali ya anthu a siliva inakhala zaka zambiri m'thengo, miyala yake itagwa. Chimodzimodzi manda a Mount Hope ku Colón, kumalekezero ena a ngalande. Zidzukulu za anchitowo zinadandaula kosalekeza, ndipo mu 2010 bungwe la World Monuments Fund linalemba manda awiriwa pakati pa malo a mbiri ofunika kupulumutsidwa msanga.

4. Katchalitchi ka matabwa

Chikumbutso chachinayi nchaching'ono pa zonse. Cha m'ma 1910 anchito a ku Barbados a mpingo wa Christian Mission anadzimangira katchalitchi ka matabwa mu Panama City, pogwira nchito atawerukako ku ngalande. Mu 1980 nyumbayi inasanduka mosungira zinthu zakale, ndipo itchedwa Museo Afroantillano. M'katimo muli zithunzi za anchito, zipangizo zao ndi katundu wa m'nyumba zao. Zipilala zija anaimika ndi maboma, koma nyumba iyi inamangidwa ndi manja omwe anakumba ngalande.

Chimene tiphunzirapo

Mwala wolembedwa sunama kawirikawiri, koma umanena zokhazo zimene anafuna amene anaulipirira. Wofuna mbiri yathunthu ya ngalande ya Panama ayenera kuona tambala wa pa Plaza de Francia ndi chipilala cha Goethals, kenaka apite ku Corozal ndi ku katchalitchi kaja. Tionanso kuti manda a siliva sanakumbukike okha. Anakumbukika chifukwa panali zidzukulu zosunga maina a makolo ao ndi kuwatchula pamaso pa akulu. Dzina limene silinalembedwe limakhala pokhapo pali wolitchula, ndipo wolitchulayo akafa, nalonso lipita.

Mafunso

1. Kodi timbale ta madzi ta m'chipatala cha Ancon tinathandiza bwanji kufalitsa matenda?
2. Carlos Finlay anali yani, ndipo anadikira zaka zingati kuti mau ake atsimikizidwe?
3. Fotokozani kusiyana kwa anchito a golide ndi a siliva, ali moyo ndiponso atafa.
4. Kodi kwanuko kuli mlatho, msewu kapena nyumba yakale imene omanga ake aiwalika? Funsani okalamba akali moyo, mulembe maina amene akuuzeni.