Anasankha mabuku a Chipangano Chatsopano ndani?

Zikomo bambo athu a ku Ntchisi chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa ngati n'zoona kuti Mfumu Constantine ndiye anasankha mabuku a Chipangano Chatsopano pa msonkhano wa ku Nicaea mu 325. Ayi bambo, amene anakuuzani zimenezo anakunamizani. Ku Nicaea mabishopu ankakangana za umulungu wa Yesu ndi tsiku la Pasaka. Za mabuku sanazikhudze n'komwe.

Kusankha mabukuwa kunayenda pang'onopang'ono. Makalata a Paulo ankakopedwa pamanja n'kumazungulira m'mipingo. Kenaka cha m'ma 140 ku Rome kunatulukira Marcion, munthu wouma mutu, amene anataya Chipangano Chakale chonse n'kutsala ndi Luka woduladula ndi makalata 10 a Paulo. Mpingo unamuchotsa. Koma ine ndimaona kuti anauthandiza, popeza atsogoleri anakakamizika kunena poyera mabuku amene ankawalandira.

Ngakhale zinali choncho, Akhristu ena ankakayikirabe buku la Chivumbulutso, ena la Ahebri, pomwe buku la Mbusa la Hermas, lokondedwa kwambiri nthawi imeneyo, linatsala kunja. Woyamba kulemba mndandanda wa mabuku 27 omwe tili nawowa anali Athanasius, bishopu wa ku Alexandria, m'kalata yake ya Pasaka ya 367. Msonkhano wa ku Carthage unavomereza mabuku omwewo mu 397.